Sikweya yoima pa nsonga

Mwana wanga wagona kale, koma ine tulo sitikubwera. Nkhani yake ndi ya ntchito ya masamu imene anabwera nayo kuchokera kusukulu. Papepala panali zithunzi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankayenera kutchula dzina la chilichonse poyang'ana ngodya zake, kaya ndi acute (yosakwana madigiri 90), obtuse (yopitirira 90) kapena right angle (ya 90 ndendende).

Zoyambirira anangodutsa. Thirayango ya mbali zofanana, ngodya zonse zitatu madigiri 60, zonse acute. Rekitango, ngodya zinayi za madigiri 90. Atafika pa chachisanu anaima. Inali sikweya, koma anaijambula itaima pa nsonga.

"Iyi si sikweya, Ababa. Ndi dayamondi."

Ndinamuuza kuti ndi sikweya. Anakana. Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu, mawu atakwera, iye n'kungozyolika pensulo ili kukamwa. Apa ndi pamene pakundiwawa mpaka pano. Ndinkafuna andivomereze chifukwa chakuti ndine bambo ake, osamuonetsa chilichonse. Komanso mwanayo ankanena zimene maso ake ankaona, ndipo m'mabuku ambiri sikweya imakhala itakhazikika pa mbali imodzi.

Mtima utatsika ndinang'amba kona ya pepala, poti kona imeneyi ndi madigiri 90 ndendende. Ndinati, "Taika apa iwe." Anaika pa ngodya yam'mwamba, inakwana. Yam'munsi inakwana, zam'mbali zonse zinakwana. Anatembenuza kope lonse pang'ono, n'kuseka yekha.

Chithunzi chomaliza chinali chofanana nacho koma chophwatalala, chija amati rhombus. Mbali zinayi zofanana, ngati sikweya yomwe. Koma pa ngodya ziwiri kapepala kaja kanaphimba ngodya yonse n'kutsalako, kusonyeza kuti sizikwana 90. Pa ziwiri zinazo ngodya inatambasuka kupitirira kapepalako. "Ziwiri acute, ziwiri obtuse," anatero osandiyang'ana.

Kenako, tikulongedza mabuku kapena mwina tisanayambe, anafunsa kuti, "Nanga thirayango ingakhale ndi ma obtuse awiri?"

Yankho linali pamlomo, koma ulendo uno ndinadzigwira. Ndinamuuza kuti ayese kujambula. Analemba mzere pansi, n'kutambasula ngodya uku ndi uku. Mizere iwiri ija inkangotalikirana pokwera, osakumana. Anafufuta, n'kuyesanso, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Ndipamene ndinamuuza kuti ngodya zitatu za thirayango zikaphatikizidwa zimapanga madigiri 180, ndiye ziwiri zopitirira 90 zadya kale zonse, yachitatu ilibe malo.

Anagwedeza mutu. Za kukalipa kuja sanatchule, inenso sindinapepese. Kapepala kong'amba kaja wakasunga pakati pa kope lake, ndakaona pomwe ndimazimitsa nyali. Mwina mawa m'mawa asananyamuke ndimuuza kena kake, ngakhale mawu ake sindinawapezebe.