Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Dambo la ku York

Paja gawo lapita lija ndinalekezera pa maliro a mayi anga amene ndinangowaonera pa foni. Miyezi yotsatira tulo kunalibe. Ndikaweruka naiti kuja tinkasamalira agogo okalamba, kunyumba sindinkakufuna, ndinkakwera basi mpaka Askham Bar, kumalire a mzinda wa York ku England, n'kumangoyenda wapansi osadziwa kolowera. M'mawa wina mu June ndinatulukira pa kageti kolowera ku Askham Bog, pafupi penipeni ndi msewu wa A64, magalimoto ali vuu vuu.

Abale inu, ndi dambo. Fungo lake lomwe lija la matope ndi masamba owola la kumadimba kwathu ku Dedza komwe mayi ankadzala mpiru, moti ndinaima kaye pa kanjira ka matabwa mtima ukugunda. Koma ili madzi ake anayamba ndi ayezi. Zaka pafupifupi 15,000 zapitazo ayezi amene anakuta dera lonseli atasungunuka anasiya kanyanja pakati pa mitumbira ya dothi ndi miyala, ndiye bango ndi zomera zina zinkafa n'kumaunjikana pansi osawola bwinobwino mpaka kanyanjako kanakwiririka, kutsala dothi lakuda lofewa ngati siponji lomwe amati peat. Mu 1946 Francis Terry ndi Arnold Rowntree, a mabanja opanga chokoleti mumzindamu, anagula malowa kuti asaonongeke, ndipo bungwe losamalira zachilengedwe lomwe pano ndi Yorkshire Wildlife Trust linayambira pamenepo.

Muli zomera zina amati royal fern, zazitali kundiposa ine, zakalekale. Atombolombo ali yakaliyakali pamwamba pa madzi, mmodzi anatera pa thabwa pafupi ndi nsapato yanga mapiko akunyezimira, ndinachita kuopa kupuma. Kenaka m'mitengo munatuluka kanyama konga gwape, roe deer, kanandiyang'ana makutu ali njoo osathawa ayi. Apa ndiye ndinalira, kulira konse kumene ndinakusunga chimwalirireni mayi, kanyamako kakudya masamba pompo.

Potuluka ndinakumana ndi mayi wina wachikulire atanyamula chodulira nthambi, anandifotokozera kuti akapanda kudula zitsamba malo ena mitengo imadzaza ponseponse, timaluwa tofuna dzuwa n'kufa, ndipo amagwira ntchitoyi mongodzipereka. Ndinawauza kuti khasu ndi chikwanje ndinakula nazo. Sabata yotsatira ndinagula magambuti, za kumeneko tikamba gawo likubwerali.