Tabwerako ku Joni, ndipo takaona ndege yomwe inakhalapo padenga la galaja

Anzanga a gulu la mawelda ndi amakanika a pa Dedza boma, tafika bwino. Njira mukuidziwa kale, boda yathuyi, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, pamenepo ndisatayepo nthawi. Zida zomwe munatituma tagula, malisiti ali kwa asungichuma.

Koma nkhani ili ku Rand Airport ku Germiston, komwe achimwene ena a ku Linthipe omwe amakhala konko anatiperekeza. Kumeneko amasungako ndege zakale za South African Airways. Anyamata onse anathamangira chi Boeing 747 chotchedwa Lebombo, cha 1971, chomwe chinadutsa pamwamba pa bwalo la masewera la Ellis Park tsiku la fainolo ya rugby mu 1995, basi kujambulitsa pansi pa injini mpaka mafoni kuthima. Ine mtima wanga unakodwa ndi ina yaing'ono ya mapulopela awiri, Vickers Viking. Inapangidwa ku England mu 1946, kenako inkauluka ndi Trek Airways, itatopa mkulu wina anaikweza padenga la galaja yake ku Armadale, ku Joni komweko, mu 1963 ndipo inakhala pompo mpaka 1987, dzuwa lake mvula yake, koma mpaka lero anthu sanaitaye, akuikonza pang'onopang'ono ndipo okonzawo ndi ongodzipereka salandira kanthu.

Ndinayandikira kuti ndione bwino. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngati chitsulo chathuchi, amatuwa n'kumanyenyeka ngati ufa. Ndinafunsa bambo wina wa imvi kuti madala bwanji osangowotcherera, iwo anati ayi moto umafooketsa lata limeneli, amaboola ma rivet limodzilimodzi, kuchotsa chigamba chowolacho, kudula china chofanana ndendende n'kukhomanso. Ntchito yofuna kudekha zedi, ife timafulumira kwambiri pa shopu.

Chinandiwawa n'choti nafenso tinali nayo yathu. Air Malawi inagula Vickers VC10 mu 1974 yomwe inkachoka ku Blantyre mpaka London, itasiya kuuluka inangokhala pa Chileka zaka ndithu mpaka anaiphwasula m'ma 1990. Ana asukulu bwenzi pano akukwera basi kukaiona!

Loweruka lino tikumane pa shopu ya atcheya, zithunzi ndibweretsa mu fulashi. Tagulanso chokhomera ma rivet cha gulu, aliyense abwere ndi zidutswa za malata tidzayeserere.