Ulendo wachitatu pa snowboard: vuto linali m'jombo

Ndabwerako ku Afriski, malo otsetserekera pa chipale, Lamlungu usiku, ndipo ndati ndilembe msanga ntchafu zikadali kuwawa. Kuchokera ku Johannesburg timayenda maola pafupifupi asanu, kudzera pa chipata cha m'malire cha Caledonspoort, n'kukwera msewu wokhotakhota wa Moteng mpaka m'mapiri a Maluti ku Lesotho. Malowa ali pamtunda wa mamita oposa 3,000, msinkhu wa Sapitwa pa Mulanje, choncho tsiku loyamba ukangoyenda pang'ono uli wefuwefu. Nyengo yake ndi yaifupi, June mpaka August, ndipo chipale chambiri amachita kupanga ndi makina.

Snowboard, kapena kuti bodi, ndi thabwa limene umamangirirapo mapazi onse awiri n'kumatsetsereka, ndipo umakhota potsamira ku zala zakumapazi kapena ku chidendene. Zaka ziwiri zonsezi kukhotera mbali ya zala kunkandikanika. Mbali ya chidendene ndinkatsetsereka bwinobwino, koma ndikati nditsamire ku zala, bodi inkachedwa kumvera, m'mphepete mwa kumbuyo n'kukodwa m'chipale, ine chagada khuu! Mtima unkandipweteka kuona ana aang'ono akundidutsa. Mlandu wonse ndinaupereka kwa bodi, mpaka ndinayamba kusunga ndalama yogulira ina.

Loweruka m'mawa mlangizi wina anandiuza kuti ndiimirire ndi zala bodi ili kumapazi. Iye anagwada n'kugwira kumbuyo kwa jombo yanga. Chidendene chinkanyamuka m'katimo mpata wolowa chala, jombo ili duu. Ndiye kuti mphamvu yanga yonse inkathera m'mpata umenewo isanafike pa bodi. Jombozi ndinagula zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndinasankha dala zokulirapo kuti ndizivala masokosi awiri poopa kuzizira. Apo ndi pamene ndinalakwitsa. Jombo yoyenera, ukaima chilili zala zimakhudza pang'ono kutsogolo, ukapinda mawondo zimabwerera, chidendene osasuntha. Sokosi ikhale imodzi, yaitali, yopanda makwinya. Ndinabwereka zocheperapo, ndinazimanga zolimba pa akakolo, ndipo bodi yomwe ija inasanduka ina.

Bodiyo sindiigulitsanso. Ndi ya masentimita 155, ndikaiimika imandifika pakati pa chibwano ndi mphuno, ndipo kulemera kwanga kukugwirizana ndi kumene opanga analemba. Ndi ya rocker, yopindika ngati bwato, yosakodwa wambawamba. Ya camber, yotukuka pakati, imaluma bwino chipale cholimba cha m'mawa koma siikhululukira wolakwitsa, ndiye imeneyo idikire kaye. Zomangira mapazi ndaziika pa madigiri 15 kutsogolo ndi 12 chobwerera kumbuyo, phazi lamanzere patsogolo.

Jombo zitakhala bwino, cholakwika china chinaonekera poyera. Liwiro likangoyamba, mantha ankandikokera ku phazi lakumbuyo, mphuno ya bodi n'kupepuka osagwiranso chipale. Mlangizi uja anati ndiziika thupi pa phazi lakutsogolo, ndizikanikiza miyendo kutsogolo kwa jombo m'malo monyanyamphira, maso ali kumene ndikufuna kupita. Chovuta kwambiri ndi kamphindi kamene bodi imaloza kumunsi kwenikweni usanasinthe mbali. Thupi lonse limakana, koma ukapirira n'kuwerenga "wani, thu", bodi imakhota yokha.

Masana dzuwa litafewetsa chipale, ndinalumikiza makhotedwe asanu ndi anayi osagwa. Nditafika pansi ndinakhala kaye chete, manja akunjenjemera ndi chimwemwe.

Ndalama ndinasunga ija ipita ku jombo zangazanga, ndipo ndikaziyesa m'sitolo madzulo mapazi atatupa, n'kuyenda nazo kwa kanthawi ndisanalipire. Yotsala ndigulira zotetezera manja, chifukwa dzanja lamanja ndinagwera Lachisanu likadali lotupa. Helemeti ndili nayo kale. Bodi ikufunika kupakidwa wax, phula lothandiza kuti iziterera, isanasungidwe, pansi pake payamba kutuwa m'mphepete.