Kombe wanga wayamba kuyanga

Mbande za kombe, chomera choyanga cha poizoni, zimene ndinafesa m'machubu kuno ku Zomba zapirira chisanu cha June ndi July, ndipo tsopano zayamba kuyanga pa timitengo timene ndinazika. Chomerachi chimakonda kotentha, monga kuchigwa cha Shire, choncho ndinaika machubuwo m'mbali mwa khoma loyang'ana kumpoto, pamene dzuwa limawomba nthawi yozizira. Ndatchingapo ndi waya poopa ana ndi mbuzi, ndipo njere kapena utomoni wake sindigwira popanda magolovesi.

Njerezi zimatuluka m'makoko awiri ataliatali otambalala ngati nyanga, iliyonse ili ndi kaubweya kake koulukira, ndipo ndi zomwe alenje a Chimang'anja ankasinja n'kupaka kumivi. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone mu Shire, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi. Atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njerezi kwa zaka zambiri mpaka anapatulamo mankhwala otchedwa strophanthin, ndipo mu 1885 anauza madokotala anzake kuti angathe kuthandiza odwala mtima wofooka. Njere zina anazilandira kwa John Buchanan, mlimi wa khofi wa konkuno ku Zomba. Zimandikhudza kuti mayina a alenje aja sanalembedwe, pamene iwo ndiwo anayamba kudziwa mphamvu ya chomerachi, mpaka ankadziwa kuti akacheka n'kutaya mnofu wozungulira bala, nyama yotsalayo imadyeka.

Strophanthin amatsekereza kapampu kamene kamatulutsa mchere wa sodium m'maselo a mtima, mchere wa calcium n'kuchulukamo, ndipo mtimawo umafinya magazi mwamphamvu koma mosathamanga. Vuto ndi lakuti mlingo wochiza ndi mlingo wakupha ngoyandikana kwambiri: ukapitirira pang'ono chabe, kagundidwe kamasokonekera, mtima n'kuima. Komanso akamwedwa salowa bwino m'magazi, n'chifukwa chake madokotala ankakonda kubaya mumtsempha, ndipo masiku ano pa mankhwala a mtundu umenewu ambiri amadalira digoxin.

Mnansi wina ataona mbandezi anandipempha njere kuti akathandizire bambo ake otupa miyendo, amene amabanika akagona chagada. Ndinamukaniza mosabisa mawu, ndipo ndinamuchonderera kuti apite nawo kuchipatala akapimidwe mtima tsiku lomwelo.