Kachitseko ka pampu pansi pa bodi ya pikapu yanga

Pampu ya petulo ya pikapu yanga ili m'kati mwa thanki, ndipo thankiyo ili kunsi kwa bodi. Chaka chatha ndinatsitsa thanki katatu. Pampuyo inalibe vuto, koma kasefa kake kankatsekeka ndi zinyalala za petulo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa. Kachitatuko galimoto inathima pakati pa Kamwendo ndi Kapiri ku Mchinji, nditanyamula soya, thanki ili yodzadza. Kugona chagada m'fumbi n'kumalimbana ndi thanki yolemera choncho kunandikwana. Ndinati basi, ndiboola bodi kuti pampu ndiziifikira cha pamwamba.

Thanki isanachoke pamalo pake ndinalowa kunsi ndi tepi, n'kuyeza kuchokera kutsogolo kwa bodi komanso kuchokera m'mbali mpaka pakati pa chivundikiro cha pampu. Miyesoyo ndinakailemba pamwamba ndi choko. Bowo ndinaliika la masentimita 22 mbali zonse, chifukwa sipampu yokha imene imatuluka: pamafunika malo a dzanja, sipanala, mapaipi ndi pulagi ya mawaya.

Apa ndi pomwe tinasemphana ndi amisiri owotcherera a pa Boma. Iwo amvekere, "Bwana, kutsitsa thanki n'kutaya nthawi, tingoyala chiguduli chonyowa pamwamba pake." Ndinakana. Chimene chimayaka msanga ndi nthunzi ya petulo, ndipo chiguduli sichingaitchinge. Kamoto kamodzi ka gilayinda n'kokwanira. Tinachotsa waya wa batire, kukhuthula mafuta, kutsitsa thanki, n'kukaisiya kutali pansi pa mango.

Kenaka ndinaboola kabowo kakang'ono pakati pa chokocho n'kukasuzumira kunsi. Mwamwayi ndinatero, chifukwa mzere umodzi unkadutsa pa chitsulo chopingasa chimene chimanyamula bodi. Chimenecho osachidula, ndicho chimasenza matumba. Tinangosuntha mzerewo pang'ono. M'makona tinayamba taboola ndi dirilo yaikulu kuti akhale obulungira, poti kona yosongoka ndi pomwe chitsulo chimayambira kung'aluka galimoto ikamagwedezeka m'misewu yathu yafumbiyi.

Chidutswa chomwe tinadula sitinataye. Pansi pa bodi pali mizere ngati ya malata, choncho chitsulo chosalala sichikanakhala bwino. Amisiri anawotcherera tizitsulo tafulati kunsi, kuzungulira bowo lonse, kuti chidutswacho chizikhalapo, ndi manati 6 omatirira komweko. Tinapala m'mphepete, kupaka penti yoletsa dzimbiri, n'kudula chubu chakale cha tayala kuti chikhale pakati, madzi ndi fumbi zisamagwere pa thanki.

Mabawuti ndinasankha aafupi, kuti asakhudze thanki kapena mapaipi, komanso a mitu yobulungira. Amene ndinayamba kuikapo anali a mitu ya makona, ndipo tsiku lomwelo anang'amba thumba la mtedza.

Mwezi watha kasefa kanatsekekanso ndili pa Waliranji. Ndinasuntha matumba anayi okha, kuchotsa waya wa batire, kumasula kachitseko, n'kupukuta fumbi lonse pa chivundikiro ndisanachitsegule. Pampu ndinaitulutsa nditagwada m'bodi, ndipo ku msika wa pa Boma ndinakafika ogula asanabalalike.