Ma waffle a ku Lilongwe ndi zimene amathirapo

Malesitilanti angapo a mumzinda wa Lilongwe masiku ano amagulitsa chakudya chimene amachitchula kuti brunch, chodyedwa kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka masana, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, ndipo pamenyu yake sipalephera kupezeka ma waffle. Kuchokera kuno ku Dedza ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1, moti munthu akanyamuka atangomwa tiyi amakafika njala itayamba, pa nthawi yake yeniyeni ya chakudyachi. Kudya dzuwa litakwera si kwachilendo kwa mlimi wa ku Bembeke amene amalawirira kumunda kukamabe chisisira n'kudzadya mbatata pobwerako. Chachilendo ndi zimene zili m'mbalemo komanso mtengo wake.

Waffle amapangidwa ndi ufa wa tirigu, mazira, mkaka, batala, shuga pang'ono ndi chotupitsa, ndipo zosakanizazo amazithira m'chitsulo chotentha cha mbali ziwiri chimene chimadinda timaenje tamakona anayi. Timaenjeti sitokongoletsa chabe, chifukwa ndi timene timachititsa kuti mbali yaikulu ikhudze chitsulo n'kuuma bwino kunja pomwe m'kati mukadali mofewa. Ku Belgium, kumene chakudyachi chimatchuka kwambiri, kuli mitundu iwiri yodziwika. Wa ku Brussels ndi wopepuka ndiponso wa timaenje takuya, pomwe wa ku Liège ndi wolemera, wokandidwa ngati buledi, ndipo amaikamo timibulu ta shuga timene timasungunuka n'kupserera pachitsulo. Wa ku Brussels uja ndi amene anatchuka ku America atagulitsidwa pachionetsero cha dziko lonse lapansi ku New York m'chaka cha 1964.

Pa zimene ndadya mumzindamo, ndaona kuti waffle wabwino amadziwika ndi kutentha kwake. Akangochoka pachitsulo, nthunzi ya m'kati imayamba kufewetsa kunja kwake, choncho ngati wafika patebulo ali lobodo, mudziwe kuti anaphikidwa kale ndipo angomutenthetsa. Ndi bwino kudikira kanthawi kusiyana ndi kulandira wotere, ngakhale atamukwirira ndi kirimu, nthochi ndi masitiroberi.

Pamene ndimatsutsana ndi malesitilanti ena ndi pa manyuchi amene amathira pamwamba. Pamenyu amalemba kuti ndi a mtengo wa maple, koma enieniwo amachokera makamaka ku Canada, m'chigawo cha Quebec, ndipo pamafunika malita pafupifupi 40 a madzi a mtengowo kuti awiritse lita imodzi. Chinthu chotero sichingafike kuno pa mtengo wotsika, ndipo chimene ndakhala ndikupatsidwa kawirikawiri ndi madzi a shuga okoleretsa ndi fungo, otsekemera mopitirira koma opanda kukoma kwina kulikonse. Ine ndimapempha uchi. Uchi wathu uli ndi fungo la maluwa a m'nkhalango zimene njuchi zinadyako, umakhazikika bwino m'timaenje tija, ndipo ndalama yake imathera m'manja mwa mlimi wa njuchi wa m'dziko momwe muno. Operekera zakudya ena amadabwa ndikatero, koma kukhitchini uchi sumasowa.

Zina zonse za m'mbale ya brunch munthu wa kuno amazizindikira msanga. Kachewere wokazinga, tomato ndi anyezi za pambali pa mazira ndi soseji ndi mbewu zimene timaziona zikupakiridwa m'magalimoto pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano kupita kumizinda. Khofi akhoza kukhala wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo kapena Mulanje, shuga wa ku Dwangwa kapena Nchalo. Vuto lili pa tirigu: ku Tsangano amalima ndithu, koma ndi wochepa, ndipo wambiri amene dziko lino limagwiritsa ntchito ndi woitanitsa kunja. N'chifukwa chake mtengo wa waffle umatsatira mphamvu ya kwacha, monga momwe buledi anakwerera ndalamayi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ndimadzifunsa chifukwa chake chakudyachi sichinafale pa boma la Dedza, pomwe nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi imafuna chinthu chotentha chomwera khofi. Apaulendo amapatuka kale pa M1 kukadya keke ya tchizi yotchedwa cheesecake ku Dedza Pottery, kusonyeza kuti ogula alipo. Wina akhoza kudandaula za kuzimazima kwa magetsi, koma chitsulo cha waffle sichinayambire ku magetsi. Chimene munthu wina dzina lake Cornelius Swartwout analembetsa kuboma ngati luso lake ku America m'chaka cha 1869 chinali choika pamoto n'kumatembenuza ndi chogwirira, ndipo cha mtundu umenewo chikhoza kukhala pambaula ya makala pambali pa ketulo ya tiyi.