Mmene ndinalimbanirana ndi mapiritsi owonjezera magazi ndili ndi pakati

Pakati pali miyezi isanu, ine ndinkati kutopa n'kwa mimba basi. Kuyenda pang'ono befu, kuwerama kuti nditole kanthu chizungulire, mtima uli thi thi thi ngati ndathamanga. Chimene ndinkachita nacho manyazi kunena chinali kulakalaka dothi. Mvula ikangowaza, fungo la nthaka lija malovu ankadzaza m'kamwa.

Kusikelo namwino anandikoka chikope, nayang'ana zikhatho, n'kuti, "Mayi, mwayeratu inu." Anandibaya chala, ndipo hemoglobini, kanthu ka m'magazi kamene amayeza kuti adziwe ngati magazi ali okwanira, anapezeka 9.4. Kwa mayi woyembekezera, akatsika pansi pa 11 amati magazi achepa (m'miyezi yapakati malirewo amawaika pa 10.5), ndipo pansi pa 7 ndiye kuti zafika poipa. Anandiyezanso malungo nandifunsa za njoka za m'mimba, poti nazonso zimamaliza magazi. Zonsezo kunalibe. Vuto langa linali kuchepa kwa ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi. Anati thupi la mayi wapakati limawonjezera magazi pafupifupi ndi theka, mwana naye akutapa zake, moti pakati pamodzi pamafunika ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000. Ine ndinali nditabereka zaka ziwiri zokha m'mbuyomo, nkhokwe inali isanadzazenso.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi aliyense wapakati azimwa ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 patsiku pamodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid, koma amene wapezeka kuti magazi achepa kale mlingo umakwera kufika 120. Choncho anandipatsa mapiritsi a ayironi otchedwa ferrous sulfate, limodzi m'mawa lina madzulo.

Sabata yoyambayo sindidzaiiwala. Ndikangomeza, pakangopita mphindi makumi awiri nseru yayamba, m'kamwa mukumveka ngati ndanyambita msomali wadzimbiri. Ndinatha masiku anayi osapita kuchimbudzi, ndipo tsiku limene ndinapita, chimene chinatuluka chinali chakuda bii. Ndinachita mantha kuti mwina m'mimba mukutuluka magazi. Ndinangosiya kumwa, osauza munthu. Botolo linakhala m'kabati pafupifupi masabata atatu. Amuna anga akafunsa kuti, "Mankhwala aja mwamwa?" ndinkangoti eya.

Nditabwerera kusikelo, hemoglobini anali 9.1. Namwino sanandikalipire. Anangofunsa, "Chimbudzi chanu chikuoneka bwanji masiku ano?" Ndinayankha molimba mtima kuti chili bwinobwino, mtundu wake wamasiku onse. Anaseka. "Ndiye kuti simukumwa, mayi." Ndinasowa poyang'ana. Kuda kuja kumene kunandithawitsa n'chizindikiro wamba cha munthu amene akumwa ayironi: wotsala amene thupi silinamutenge ndiye amadetsa chimbudzi. Choopsa ndi chimbudzi chonata ngati phula, chonunkha moipa, chotsagana ndi kupweteka kwa m'mimba, kapena chokhala ndi magazi ofiira. Chimenecho munthu amathamangira nacho kuchipatala.

Kenako anandifunsa mmene ndinkamwera. Ndinati m'mawa ndinkameza ndi tiyi wamkaka, madzulo ndinkamwera limodzi ndi mankhwala a chilungulira. Anapukusa mutu. Tiyi, khofi, mkaka, mapiritsi a kashiamu ndi mankhwala a chilungulira amaletsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Ndiye kuti nseru ndinkaimva yonse, koma phindu lake ndinkalitaya pakhomo. Pamafunika kusiyanitsa ndi maola awiri. Chimene chimathandiza ndi vitamini C, monga lalanje kapena madzi a ndimu.

Ataonana ndi adokotala, anandichepetsera kukhala piritsi limodzi patsiku. Ndinadabwa, poti magazi atsika, bwanji mankhwala akuchepa? Anandifotokozera kuti munthu akamwa ayironi wambiri nthawi imodzi, chiwindi chimatulutsa kanthu kotchedwa hepcidin kamene kamatseka njira kwa pafupifupi tsiku lathunthu, moti piritsi lachiwiri lambiri limangodutsa n'kumavuta m'matumbo. N'chifukwa chake ena amauzidwa kumwa tsiku lina, lina ayi. Koma zimenezi amasintha ndi achipatala, atakuyeza. Zimene ndinachita ine zongosiya mwakachetechete zinandibweza m'mbuyo mwezi wathunthu.

Nthawi yomwera ndinachita kuifufuza. Ayironi amalowa bwino m'mimba muli mopanda kanthu, koma ine m'mawa sizinkatheka, ndinkangobweza. Ndinayesa kumwa pogona, chilungulira chinandidzutsa pakati pausiku. Chimene chinayenda chinali kudya msanga madzulo, kumwa piritsi cha m'ma 8 koloko ndi lalanje limodzi, n'kukhala tsonga ola lathunthu ndisanagone. Nseru ikamabwera inkandipeza ndili m'tulo. Tiyi ndinamusiya kukhala wa m'mawa yekha, ndipo kunena zoona kumusiya madzulo kunandiwawa kuposa piritsilo.

Kudzimbidwa ndiye kunatenga nthawi. Ndinkayenda ndi botolo la madzi paliponse, zipatso ndi ndiwo zamasamba osaphonya, madzulo kuyendako pang'ono ngakhale miyendo ikukana. Zitakanikabe anandilembera mankhwala amadzi ofewetsa chimbudzi otchedwa lactulose, amene amayamba kugwira patapita tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala otsegula m'mimba ongogula wekha anandiletsa.

Pa zakudya ndinawonjezera nyama, nsomba, mazira ndi nyemba. Ayironi wa m'nyama ndi m'nsomba thupi limamutenga mosavuta kuposa wa m'masamba. Chiwindi chokha anandichenjeza kuti ndisachikonde, chili ndi vitamini A wochuluka amene angavulaze mwana. Komabe magazi akatsika chonchi, chakudya pachokha sichingawakweze nthawi yobereka isanakwane, ndipo mayi wolowa m'chipinda choberekera ndi magazi ochepa, akataya ngakhale pang'ono zimavuta msanga. Anandiuza kuti mapiritsi akakanika pali ayironi wa m'diripi, amene amapereka miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Sindinafike kumeneko.

Patatha masabata anayi hemoglobini anafika 10.3, mwezi wachisanu ndi chitatu 11.2. Befu anatha, ndipo tsiku lina mvula inagwa osandichititsa malovu. Ndinkati basi ndamaliza, koma namwino anati ayi, kukwera kwa magazi sikudzaza nkhokwe. Ndinapitiriza miyezi ina itatu, mpaka khanda litakwanitsa masabata asanu ndi limodzi.

M'kati mwa miyezi imeneyo tsiku lina ndinapeza mwana wanga woyamba atakwera pampando, botolo lili m'manja, akulimbana ndi chivindikiro. Mapiritsi ofiira aja kwa iye anali maswiti, chikhalirecho ayironi wambiri amatha kupha mwana wamng'ono. Ndinawawerenga kawiri, manja akunjenjemera. Anali okwana. Usiku womwewo botolo linasamukira m'sutikesi yokhoma pamwamba pa kabati.